Mayi Rokeya Sakhawat Hossain: analota dziko lolamulidwa ndi akazi, kenaka anatsegula sukulu ya atsikana

Pa 9 Disembala chaka chilichonse, dziko la Bangladesh limakumbukira mayi Rokeya Sakhawat Hossain, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina loti Begum Rokeya. Tsikuli ndi limene mayiwa anabadwa m'chaka cha 1880, ndiponso ndi tsiku lomwelo limene anamwalira m'chaka cha 1932. Iwo sanapondeko m'kalasi ngati mwana wasukulu, koma analemba mabuku amene akuwerengedwabe mpaka lero, ndipo sukulu ya atsikana imene anayambitsa mumzinda wa Calcutta ikadalipo. Kunja kwa dziko lawo amadziwika kwambiri ndi nthano yaifupi ya m'chaka cha 1905, yonena za dziko limene akazi ndiwo akuyendetsa boma, sukulu, minda ndi malonda, amuna atatsekeredwa m'nyumba. Nthanoyo imakamba za kuphika ndi kutentha kwa dzuwa popanda malasha kapena nkhuni, komanso za lamulo loletsa kukwatiwitsa atsikana aang'ono, nkhani zomwe si zachilendo kwa omvera a ku Moatize ndi ku Zóbuè.

Ubwana wa kuseri kwa makatani

Mayi Rokeya anabadwira m'mudzi wa Pairaband, m'boma la Rangpur, m'chigawo cha Bengal. Nthawi imeneyo derali linali mbali ya India wolamulidwa ndi Angerezi, koma lero lili kumpoto kwa Bangladesh. Bambo awo, a Jahiruddin Muhammad Abu Ali Haidar Saber, anali mwini malo aakulu amene ankatolera msonkho kwa alimi, ndipo mayi awo anali a Rahatunnesa Sabera Chaudhurani. Mawu akuti Begum si dzina ayi, koma ndi mawu aulemu amene Asilamu a kumeneko amaika patsogolo pa dzina la mayi wolemekezeka.

M'mabanja olemera a nthawi imeneyo, a Chisilamu ngakhalenso ambiri a Chihindu, munali mwambo wotchedwa purdah, mawu amene amatanthauza katani. Akazi ankakhala m'mbali yawoyawo ya nyumba yotchedwa zenana, ndipo sankayenera kuonedwa ndi mwamuna aliyense amene si wachibale wapafupi. Banja likakhala lotchuka kwambiri, mwambowo unkakhwimanso kwambiri. Mayi Rokeya anadzafotokoza atakula kuti kuyambira ali ndi zaka zisanu ankayenera kubisala ngakhale kwa amayi achilendo odzacheza pakhomo. Alendo akafika, kamtsikanako kankathawira kunsi kwa bedi kapena m'kachipinda kena, n'kukhala chete mpaka alendowo atapita.

Ana aamuna a m'banjali anatumizidwa ku Calcutta kukaphunzira pa St. Xavier's College. Ana aakazi ankaloledwa kuphunzira kuwerenga Korani m'Chiarabu ali pakhomo, basi. Chibengali, chiyankhulo cha anthu wamba a m'deralo, chinkanyozedwa m'mabanja otere, ndipo Chingerezi chinkaonedwa kuti si cha akazi. Mkulu wawo wa mayi Rokeya, a Karimunnesa, anaphunzira Chibengali mobisa, ndipo achibale atazindikira anawakwatiwitsa asanakwanitse zaka 15. Ngakhale zinali choncho, a Karimunnesa anadzakhala mlakatuli, ndipo ndiwo anaphunzitsa mng'ono wawo kuwerenga Chibengali. Mchimwene wawo wamkulu, a Ibrahim Saber, ankadikira kuti anthu onse agone, kenaka n'kuyatsa kandulo ndi kuyamba kuphunzitsa mlongo wawoyo Chingerezi. Sukulu yonse imene mayi Rokeya anaphunzirapo inali imeneyi, ndipo sanaiwale aphunzitsi awo awiriwa, chifukwa aliyense anadzamulembera buku lomuthokoza.

Banja la ku Bhagalpur

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, asanakwanitse zaka 20, mayi Rokeya anakwatiwa ndi a Khan Bahadur Sakhawat Hossain, omwe anali wachiwiri kwa woweruza milandu mumzinda wa Bhagalpur, m'chigawo cha Bihar. Bambowa anali aakulu kwambiri kuposa mkazi wawo, anali atafedwa mkazi woyamba, ndipo anaphunzira za ulimi ku England. Ukwati wa mtsikana ndi bambo wamkulu chotere nthawi zambiri umatseka maphunziro, koma a Hossain anali munthu wa maganizo ena. Analimbikitsa mkazi wawo kupitiriza kuwerenga, kulemba ndi kucheza ndi amayi ophunzira a zipembedzo zina.

M'chaka cha 1902 nkhani yoyamba ya mayi Rokeya, yotchedwa Pipasa, kutanthauza ludzu, inatuluka m'magazini ya Chibengali. Patapita zaka zochepa nkhani zawo zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Motichur. M'nkhanizo ankafunsa chifukwa chake akazi amakhala ngati katundu wa m'nyumba, ndipo ankayerekeza zibangili ndi mikanda yagolide ndi maunyolo a kapolo. Mfundo yawo yaikulu inali yoti akazi sanabadwe ndi nzeru zoperewera, koma amamanidwa mpata wozigwiritsa ntchito, ndipo chiwalo chimene sichigwira ntchito chimafota. Ankati ndalama zimene makolo amaononga pogulira mwana wamkazi zodzikongoletsera ndi bwino azilipirire sukulu, kuti mwanayo adzathe kudzipezera yekha chakudya. Owerenga ambiri anakwiya nazo, ndipo ena analemba makalata m'manyuzipepala owadzudzula.

Pakhomo pawo sipanasowe maliro. Ana awo awiri aakazi anamwalira akadali makanda.

Dziko la m'maloto

M'chaka cha 1905, amuna awo atachokapo pa ulendo wantchito, mayi Rokeya analemba m'Chingerezi nthano yaifupi imene anaitcha Sultana's Dream, kutanthauza maloto a Sultana. A Hossain atabwerako anaiwerenga yonse ali chiimire, ndipo anaiona ngati kubwezera koopsa kwa akazi pa amuna. Sanaibise, koma analimbikitsa kuti isindikizidwe. Inatuluka chaka chomwecho m'magazini ya The Indian Ladies' Magazine ya mumzinda wa Madras, umene lero ndi Chennai, ndipo mu 1908 inatuluka ngati kabuku pakokha.

Nthanoyo imayamba ndi mayi wina dzina lake Sultana, amene wakhala pampando m'chipinda chake madzulo akulingalira za moyo wa akazi a ku India. Mwadzidzidzi akulowa mayi amene iye akumuyesa mnzake Sara, n'kumutenga kuti akayende. Sultana akuchita manyazi kuyenda pamsewu masana osadziphimba kumaso, koma akudabwa kuona kuti mumsewu monse mulibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Dzikolo ndi Ladyland, dziko la amayi. Amuna alimo ndithu, koma amakhala m'mbali yawo ya nyumba yotchedwa mardana, kumene amalera ana ndi kuphika. Sultana atafunsa chifukwa chake, mnzakeyo akumuyankha kuti nzosamveka kutsekera m'nyumba anthu osalakwa, pamene amene amaopseza anzawo akuyendayenda pabwalo. Pa mfundo yoti amuna ndi amphamvu, yankho lake ndi loti mkango nawo uli ndi mphamvu kuposa munthu, koma sulamulira anthu.

Kenaka Sara akufotokoza mmene zinthu zinasinthira. Mfumukazi ya dzikolo, imene inkakonda sayansi, inalamula kuti akazi onse aphunzire, ndiponso kuti pasapezeke mtsikana wokwatiwa asanakwanitse zaka 21. Mumzinda waukulu munatsegulidwa mayunivesite awiri a akazi. Yoyamba inapanga chibaluni chachikulu chimene chimayandama pamwamba pa mitambo, cholumikizidwa ndi mapaipi okokera madzi kuchokera mumlengalenga. Kuyambira pamenepo dzikolo linaiwala za chilala, mvula yoononga ndi matope. Yachiwiri inapanga chipangizo chosonkhanitsa kutentha kwa dzuwa, kukusunga ndi kukugawa kwa anthu. Amuna, amene nthawiyo anali otanganidwa ndi kukulitsa gulu lankhondo, ankangoseka zonsezi.

Tsiku lina anthu othawa kwawo analowa m'dzikolo kudzapempha malo. Mfumu ya dziko loyandikana nalo inalamula kuti abwezedwe, koma mfumukazi inakana kupereka anthu amene anathawira m'manja mwake, ndipo nkhondo inabuka. Asilikali aamuna anamenya nkhondoyo mpaka kugonja, adani atatsala pang'ono kufika mumzinda waukulu. Pamenepo mkulu wa yunivesite yachiwiri anati ali ndi njira, koma anapempha kuti amuna onse ayambe alowa m'nyumba. Amunawo, ali otopa ndi ovulala, anavomera mosavuta. Mayiyo anatenga ophunzira ake 2,000 kupita nawo kumalo omenyera nkhondo, ndipo analozetsa kuwala ndi kutentha kwa dzuwa kumene anasunga kuja kwa adaniwo, mpaka onse anabalalika n'kusiya zida zawo. Nkhondo itatha amuna anapempha kuti atuluke, koma mfumukazi inawauza kuti adzaitanidwa akadzafunika.

Zimene Sultana akuona m'dzikolo nzambiri. M'khitchini mulibe utsi, malasha kapena moto. Minda imalimidwa ndi mphamvu ya magetsi. Misewu ili ngati dimba la maluwa, ndipo miliri ndi udzudzu kulibe. Ntchito ya mu ofesi imatha m'maola awiri okha, chifukwa akuti amuna ankataya maola ena onsewo akusuta fodya ndi kucheza. Apolisi ndi oweruza milandu alibe chochita. Chipembedzo chawo chagona pa chikondi ndi choonadi, ndipo wabodza saphedwa koma amapemphedwa kuti achoke m'dzikomo. Pomaliza Sultana akukwera galimoto youluka kupita kukaonana ndi mfumukazi, imene ikumuuza kuti anthu ake sasirira malo a eni ndipo samenyera miyala yamtengo wapatali, koma amafunafuna chuma cha nzeru. Pobwerera akuterereka n'kugwa, ndipo akudzidzimuka ali pampando wake uja.

Nthanoyi inalembedwa patangopita zaka ziwiri chiulukire ndege yoyamba ya abale awiri a Wright ku America mu 1903, ndiponso kudakali zaka pafupifupi 50 kuti akatswiri apange sola yoyamba yotulutsa magetsi okwanira kugwiritsa ntchito mu 1954. Inatsogolanso ndi zaka khumi buku lotchuka la Herland, limene mayi Charlotte Perkins Gilman a ku America analemba mu 1915, lonena za dziko lopanda mwamuna ndi mmodzi yemwe. Cholinga cha mayi Rokeya sichinali choti amuna atsekeredwedi. Iwo anangotembenuza mwambo wa purdah kuti mwamuna amene akuwerenga alawe kwa mphindi zochepa zimene mkazi wake, mayi wake ndi mwana wake ankakumana nazo moyo wawo wonse. M'nkhani zawo zina ankayerekeza mwamuna ndi mkazi ndi mateyala awiri a ngolo imodzi, imene singayende kutali ngati teyala limodzi ndi lalikulu, linalo laling'ono.

Sukulu ya ana asanu

A Hossain anamwalira mu Meyi 1909, ndipo anasiya ndalama zokwana marupi 10,000 zoti mkazi wawo atsegulire sukulu ya atsikana. Patangopita miyezi isanu, mayi Rokeya anatsegula sukuluyo ku Bhagalpur komweko ndi ana asanu okha, n'kuitcha dzina la malemu amuna awo. Koma posakhalitsa panabuka mkangano wa chuma chamasiye ndi achibale akuchimuna, vuto limene amayi amasiye ambiri a kuno kwathu akulidziwa bwino. Mayiwa anasiya nyumba n'kusamukira ku Calcutta, kumene pa 16 Malichi 1911 anatsegulanso Sakhawat Memorial Girls' School m'kanyumba ka mumsewu wa Waliullah Lane. Ana anali asanu ndi atatu.

Popeza anali asanaonepo mmene sukulu imayendera, ankapita m'sukulu za atsikana za anthu a zipembedzo zina kukaonera kaphunzitsidwe, kenaka n'kudzayesa pa sukulu yawo. Ntchito yovuta kwambiri inali kupeza ana. Mayi Rokeya ankayenda khomo ndi khomo kuchonderera makolo, ndipo ankavala chophimba thupi lonse monga mwa mwambo, kuti makolowo asaope kuti ana awo akataya chikhalidwe. Ankawakumbutsa kuti m'Chisilamu kufunafuna nzeru ndi udindo wa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo ankasiyanitsa kudzilemekeza m'kavalidwe ndi kutsekera munthu m'nyumba. Ana ankaphunzira Korani, Chibengali, Chiurdu, Chingerezi, masamu, kusoka, kuphika, kusamala odwala ndi masewera olimbitsa thupi.

Kuti makolo alole, anawo ankanyamulidwa pa ngolo yotchingidwa ndi makatani. Sukulu itadzapeza basi, inatsekedwa mbali zonse moti mpweya sunkalowa, ndipo ana ena ankasanza, ena kukomoka. Atatsegula pang'ono kuti mphepo izipita, panabwera makalata oopseza kuti nkhaniyo ikafika m'manyuzipepala chifukwa atsikana akuoneka pamsewu. Mayi Rokeya anapirira zonsezi kwa zaka zoposa 20, pamodzi ndi miseche yoti mayi wamasiye wachitsikana watsegula sukulu pofuna kudzionetsa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 sukuluyo inali itakula kukhala sekondale.

Mu 1916 anayambitsa bungwe la amayi a Chisilamu lotchedwa Anjuman-e-Khawatin-e-Islam. Mamembala ake ankapita m'madera osauka a mumzinda wa Calcutta kukaphunzitsa amayi kuwerenga, ukhondo ndi kasamalidwe ka ana, komanso kuthandiza amasiye ndi amayi othawa nkhanza za m'banja. Mu 1926 mayi Rokeya anatsogolera msonkhano waukulu wokambirana za maphunziro a akazi m'chigawo cha Bengal.

Mabuku a kumapeto

Ntchito ya sukulu sinawaletse kulemba. Mu 1924 anatulutsa buku la nthano yaitali lotchedwa Padmarag. M'bukuli maloto aja atsikira pansi: muli nyumba ina yotchedwa Tarini Bhavan, mmene amayi a Chihindu, a Chisilamu ndi a Chikhristu, ambiri mwa iwo othawa mabanja ankhanza, akuyendetsa okha sukulu, malo ophunzirira ntchito zamanja ndi chipatala. Mtsikana amene nkhaniyo yagona pa iye, Siddika, akukana kubwerera ku banja ngakhale mpata utapezeka, ndipo akusankha kutumikira akazi anzake.

Mu 1931 kunatuluka Abarodhbasini, kutanthauza akazi otsekeredwa, buku la nkhani 47 zazifupi zimene mayi Rokeya anaziona kapena kuzimva. Ina ndi ya mayi amene nyumba yake inagwira moto. Atafika pakhomo kuti athawe, anaona amuna achilendo akuzimitsa motowo, ndipo anabwerera kuchipinda n'kupsera momwemo. Ina ndi ya mayi amene anakodwa m'chovala chake pa siteshoni ya Kiul n'kugwera panjanji. Wantchito wake anakaniza amuna amene anali pomwepo kuti amunyamule, ndipo sitima inamuponda. Nkhanizi anazilemba mosakometsera, kuti owerenga aone okha mtengo wa mwambo umene ankaunyadira.

Mayi Rokeya anamwalira ndi matenda a mtima ku Calcutta pa 9 Disembala 1932, tsiku limene ankakwanitsa zaka 52, ndipo anaikidwa m'manda ku Sodepur, kumpoto kwa mzindawo. Patebulo pawo anasiya nkhani yosamaliza yonena za ufulu wa akazi. Sukulu yawo inadzatengedwa ndi boma, ndipo lero ikuphunzitsabe atsikana mumzinda umene tsopano umatchedwa Kolkata. Ku Bangladesh, boma limapereka mphoto ya Begum Rokeya Padak kwa amayi amene achita zazikulu, ku Rangpur kuli yunivesite ya dzina lawo imene inatsegulidwa mu 2008, ndipo mu 2004 omvera wailesi ya BBC ya Chibengali anawaika pa nambala 6 mwa Abengali otchuka a nthawi zonse. Mu 2024 bungwe la UNESCO linalemba Sultana's Dream m'kaundula wa zolembedwa zofunika kusungidwa wa chigawo cha Asia ndi Pacific.

Ku Moatize ndi ku Zóbuè

Mwambo wa purdah kulibe m'midzi ya Achewa ndi Anyungwe. Mayi wa ku Zóbuè amalima munda wake, amagulitsa mbatata ndi tomato m'mbali mwa msewu wopita ku Mwanza, amawoloka malire kukaoda katundu, ndipo m'mabanja achikamwini mudzi ndi mbumba zimawerengedwa kuchokera kwa iye. Komabe khomo la sukulu limatha kutsekeka popanda katani. Ukwati wa ana, mimba zaubwana, mtunda wautali wopita ku sekondale ndi maganizo oti ndalama zikachepa apite ndi mnyamata, zonsezi zimasiya mtsikana pakhomo monga momwe zenana inkachitira.

Zina mwa zimene mfumukazi ya m'nthano ija inalamula tsopano zili m'malamulo enieni. Mu 2019 dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo nambala 19/2019, loletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18 ndi kupereka chilango kwa akuluakulu amene akonza kapena kuvomereza ukwati wotere. Chakumapeto kwa 2018 boma linathetsanso lamulo la mu 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi ausiku. Kutsidya kwa malire, dziko la Malawi linasintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti msinkhu wa ukwati ukhale zaka 18. Lamulo likalembedwa, ntchito imatsala kwa makolo, ankhoswe, anamkungwi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amene ndiwo amadziwa khomo limene mtsikana wasiya sukulu.

Nkhani ya dzuwa nayo ili pafupi. Moatize ndi boma la malasha, ndipo ena mwa makampani amene akukumba malashawo lero ndi ochokera ku India, dziko limene nthano ya khitchini yopanda utsi inalembedwera. Pamene sitima zikunyamula malasha kupita ku madoko a Beira ndi Nacala, amayi ambiri m'midzi yozungulira akuphikabe pa mafuwa ndi nkhuni kapena makala, ndipo atsikana ndiwo amataya maola a sukulu kuthengo ndi kumjigo. Timasola tating'ono timene tayamba kuoneka pa madenga a nyumba tikuthandiza kutchaja foni ndi kuyatsa babu yowerengera usiku. Mayi Rokeya ankafuna zoposa pamenepo. M'nthano yawo, akazi sanangolandira zipangizo zopangidwa ndi ena, koma anaphunzira sayansi n'kuzipanga okha, ndipo chiyambi cha zonsezo chinali lamulo limodzi loti mtsikana aliyense apite kusukulu ndi kumaliza asanakwatiwe.